Funso kwa amene munapitako ndi ana ku Gold Reef City

Abale anga okhala kuno ku Joni, ndigawireni nzeru. Mu Disembala kukubwera alendo ochokera kumudzi: amayi, pamodzi ndi ana awiri a achemwali anga, wina wa zaka 7, wina 12. Anawa sakundipatsa mpata pa WhatsApp, akuti akufuna Gold Reef City basi, malo amasewera ndi zokwera a ku Ormonde.

Chikundidetsa nkhawa ndi msinkhu. Pa zokwera zoopsa ngati Anaconda ndi Tower of Terror amayamba ayeza kutalika kwa mwana, akapanda kufika amamubweza pomwepo. Wamkuluyo adutsa, koma kamng'onoko ndi kafupi ndithu. Kodi zokwera za tiana zilipo zoti n'kuthera tsiku, kapena kazingoima pansi kukamwa yasa, kuonerera mkulu wake akukuwa m'mwamba?

Amayi zozunguza mutu safuna n'kumva komwe. Koma poti malowa anamangidwa pa mgodi wakale wa golide, ndipo agogo athu anakumbako m'migodi ya kuno nthawi ya Wenela, ndikuona kuti ulendo wa alendo wotsikira pansi mumgodimo ungawafike pamtima. Amene munatsikako, munthu wa mawondo ovuta angakwanitse? Apartheid Museum, nyumba yosungira mbiri ya tsankho, ili pakhomo pomwepo, komatu kuphatikiza zonsezi tsiku limodzi ndi ana kungakhale kudzipanikiza.

Ena akuti tingopita ku uShaka Marine World ku Durban. Mtunda umenewo, mafuta okha andimaliza.

Nanga pa tchuthi chotere, ndi tsiku liti lomwe mizere imakhala yochepako? Matikiti ndiguliretu pa intaneti?