Propene ndi HBr: n'chifukwa chiyani Br amakhala pakati?

Mwana_wa_Agogo:
Anzanga ndithandizeni, mayeso a organic chemistry ali Lachisanu. Pa MSCE ma alkene, aja okhala ndi double bond pakati pa ma carbon awiri (C=C), sankandivuta. Ukalowetsa ethene mu bromine water mtundu wa olenji uja n'kutha, basi double bond ilipo, malikisi watenga. Koma kuno ku koleji ndinalemba kuti propene, CH3-CH=CH2, ikakumana ndi HBr (hydrogen bromide) timapeza 1-bromopropane. Aphunzitsi anangokhwatcha n'kulemba "Markovnikov" m'mbali. Ameneyu ndi ndani? Ine Br ndinamuika kumapeto poona kuti kumeneko kuli malo.

Nachisale_22:
Achimwene, Vladimir Markovnikov anali katswiri wa ku Russia, lamulo lake linasindikizidwa mu 1870. Pa ma carbon awiri a double bond, H amapita pa carbon yomwe ili kale ndi ma H ambiri, Br n'kutenga inayo. Yankho ndi 2-bromopropane. Ine ndinangoloweza kuti wolemera amalemererabe, ndipo ndinakhoza.

MphunzitsiWopuma:
Kuloweza kokha kudzakugwetsani tsiku lomwe adzati "fotokozani". HBr salowa yonse nthawi imodzi. Ma electron a double bond amayamba akoka H, ndiye carbon inayo imatsala ndi chaji ya +. Chimenechi ndiye carbocation. Tsopano jambulani njira zonse ziwiri. H akapita kumapeto, + amatsala pa carbon yapakati, yomwe ili ndi CH3 uku ndi uku. Magulu awiriwa amakankhira ma electron kwa iyo, ngati mwana wodwala amene amalume awiri amugwirizira. H akapita pakati, + amatsala kumapeto komwe womugwirizira ndi mmodzi yekha, motero njira imeneyi imavuta kuyenda. Br amangofika pomwe pali + basi, sasankha.

1-bromopropane wanuyo amapangika ndithu, koma pang'ono. Amachuluka mukaikamo peroxide, pakuti pamenepo zimayenda ndi ma radical (tizidutswa tokhala ndi electron yopanda inzake), osati carbocation. Zimenezi ndi za HBr, musakayesere pa HCl.

Mwana_wa_Agogo:
Zikomo bambo, tsopano zalowa. Ndiye ethene sinkandivuta chifukwa mbali zake ziwiri n'zofanana eti? Nanga madzi?

MphunzitsiWopuma:
Eya, but-2-ene nayonso ilibe vutoli. Madzi okhala ndi asidi amatsata lamulo lomwelo: propene imapereka propan-2-ol. Ethene ndi nthunzi, pa phosphoric acid ndi kutentha kwa 300°C, imapereka ethanol. Koma musakalembe kuti ethanol wa ku Dwangwa amapangidwa choncho. Uja amachokera ku molasses wa nzimbe, amamufulula ndi yisiti.