Ndigulitse nyumba ya ku Joni ndisanabwerere kumudzi kapena ndiikemo alendi?

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi nyumba ku Johannesburg yomwe ndinagula pa ngongole ya kubanki, ndipo chaka chamawa ndikubwerera ku Malawi kukakhazikika.

Chikundisowetsa tulo ndi msonkho. Malamulo a kuno akuti munthu amene sakhalanso mu South Africa akagulitsa nyumba pamtengo woposa R2 miliyoni, wogula amayamba wadula 7.5% ya mtengo wonse, osati ya phindu lokha, n'kupereka ku SARS, bungwe lotolera misonkho kuno. Yanga ingadutse pamenepo pang'ono. Ndalamayo ikakhala yoposa msonkho weniweni amabweza, koma alipo amene anabwezeredwapo ali kale ku Malawi? Zinatenga nthawi yaitali bwanji? Nanga munasunga akaunti ya kubanki ya kuno?

Kuikamo alendi ndikukufuna, poti ana akadali pasukulu ndipo lendi ingatithandize fizi. Koma ma rates (msonkho wa nyumba) a khonsolo sadikira, mwezi uliwonse kalata imabwera, komanso SARS imafuna gawo lake pa lendiyo. Kodi ndalama ikafika kumudzi, a MRA nawonso amadulapo?

Amene munadutsamo, chonde ndiuzeni zomwe munachita. Zikomo kwambiri.