Fyuluta ya oyilo pa injini ya ndege yakale: tiyike kapena tisiye sefa imene ilipo?

Wa pa bwalo, Mangochi:

Akuluakulu a pa gulu lino, makamaka inu amene mumagwira injini za ndege ku Chileka ndi ku Lumbadzi, ndikupempha nzeru.

Ndimagwira ntchito pa kabwalo ka ndege ka dothi m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi. Chimene ndinaphunzira ndi umakaniko wa magalimoto, koma pano ndimasamalira ndege ya abwana anga, Cessna 182 yakale ya injini ya Continental O-470. Ndimaitsuka, kuithira mafuta, kuimangirira mwera ukayamba, ndi kuwapatsira masipanala a injiniya akabwera kuchokera ku Blantyre.

Injiniyi ilibe fyuluta ya oyilo. Ili ndi kasefa ka waya basi, kozungulira, kamene kamalowa kumbuyo pa pampu ya oyilo. Maola 25 aliwonse ouluka timakhuthula oyilo yense, malita pafupifupi 11, n'kutulutsa kasefako, kukatsuka, kukabwezera. Oyilo wake ndi Aeroshell W100 wochokera ku South Africa, ndipo mmene ikuvutira foreksi masiku ano mukudziwa nokha kuti katoni imodzi kuti ifike kuno ndi nkhondo.

Tsono abwana abwera ndi bokosi kuchokera ku Johannesburg. Muli adaputa imene imalowa pamalo pa kasefa kaja, kenako n'kumangapo fyuluta yochita kupotokola monga timachitira pa galimoto. Akuti tikaika, oyilo tizisintha pa maola 50, ndipo akufuna ndione ngati zingatheke sabata ino. Kumanga kokhako sikukundiopsa, ndi ulusi ndi gasiketi. Koma ndegeyi imadutsa pamwamba pa madzi popita ku Makanjira ndi ku Likoma, nthawi zina itanyamula odwala, ndipo mtima wanga sukukhazikika. Kodi fyuluta imeneyi ndi yaphindu zoonadi, kapena tikungoonjezera malo oti oyilo azidonthera? Nanga ine ndikuloledwa kuimanga? Ndamvanso kuti pali mtundu wina woika fyuluta patali ndi injini, oyilo n'kumayenda m'mapaipi. Wabwino ndi uti?

Makaniko wa maminibasi, Mangochi Boma:

Achimwene, ikani osachedwa. Injini yopanda fyuluta kuno kwathu ndi fumbi la Okutobala lija? Ine zikundidabwitsa kuti yakhala bwanji mpaka lero. Ndipo ikatha imene yabwerayo musavutike n'kuitanitsa kunja, tengani yakaleyo mubwere nayo, tiyerekeza ulusi ndi za Toyota, siingalephere kupezeka yolowa.

Injiniya wa ndege, Chileka:

Mphwanga, wachita bwino kufunsa usanagwire sipanala. Ndiyambe ndi funso lako lachiwiri chifukwa ndi lalifupi: ayi, iwe sumanga. Kuika adaputa ndi kusintha mapangidwe a injini. Imayenera kubwera ndi pepala lotchedwa STC losonyeza kuti ndi yovomerezeka pa injini ya mtundu umenewo, oyang'anira za ndege ku Lilongwe avomereze kusinthako, ndipo injiniya wa layisensi amange, asaine m'buku la injini. Kulemera kwa ndege nakonso kumalembedwanso. Iwe ungathandize iye ali pomwepo. Ndege ya 7Q, yolembetsedwa kuno ku Malawi, ikapezeka ndi chinthu chosalembedwa m'buku, ngakhale a inshuwalansi atha kukana kulipira. Abwana ako uwauze zimenezi mwaulemu, koma usazichepetse.

Za phindu, lilipo ndithu, ndipo ine ndimalimbikitsa eni ndege kuika. Sefa imagwira zidutswa zikuluzikulu zokha. Tinthu ting'onoting'ono, mchenga ndi tizitsulo tosaoneka ndi maso, timadutsa n'kumazungulira m'mabering'i. Fyuluta ya pepala imatigwira. Koma phindu lalikulu kwa ife ndi lakuti fyuluta imatiuza za m'kati mwa injini. Tikaichotsa sititaya. Timaidula ndi chodulira chake, osati sowo, chifukwa sowo imasiya zitsulo zake n'kutisokoneza. Timatambasula pepalalo padzuwa, khwinya ndi khwinya, n'kuyendetsapo maginito. Zikamamatira timadziwa kuti ndi chitsulo, kawirikawiri cha kamshafiti kapena malifita. Zonyezimira zosamatira ndi aluminiyamu, mwina ya ku mapisitoni. Zofiirira ngati mkuwa timakaikira mabering'i ndi mabushi. Injini imayamba kutaya tizitsulo timeneti ikadali kulira bwinobwino, ndiye umaigwira ikadali pansi.

A makaniko a ku Boma, ndikulemekeza ntchito yanu, koma ya Toyota ayi. Ya ndege chitini chake ndi cholimba kuti chipirire puresha ya oyilo wozizira, kumsonga ili ndi nati yomangira ndi timakutu todutsitsa waya wa mainchesi 0.032 kuti isamasuke ndi kunjenjemera. Ndipo zambiri za pa Continental, monga Champion CH48108-1, valavu yolambalalitsa oyilo pepala likatsekeka ili m'kati mwa fyuluta momwemo. Ukaika ina yopanda valavuyo, ngakhale ulusi utalowa, tsiku lotsekeka injini ikhala yopanda oyilo. Fyuluta imamangidwa ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pakati pa 16 ndi 18 ft-lb, osati ndi dzanja.

Nkhawa yako ya kudontha si yachabe. Mu 2020 bungwe lofufuza ngozi ku America, NTSB, linachenjeza za mtundu wina wotchuka wa adaputa ya pa injini za Continental, ndege zingapo zitataya oyilo m'mwamba. Vuto linali gasiketi ya fayiba imene imaphwanyika adaputa n'kuyamba kugwedera. Mu 2022 a FAA, oyang'anira za ndege ku America, analamula kuti gasiketi imeneyo ichotsedwe, paikidwe ya mkuwa. Ndiye tsegula bokosilo utiuze zimene zilimo.

Makaniko wa maminibasi, Mangochi Boma:

Ndamva madala. Za valavuyo ndi zomveka. Minibasi ikatha oyilo timaimika pambali pa msewu, inu mulibe pambali.

Mayi woyendetsa ndege, Lilongwe:

Ndionjezereko mbali ya ndalama, poti ndi imene yawakopa abwana anuwo. Maola 50 aja ali ndi mnzake: miyezi inayi. Chimene chayamba kukwana ndicho mumatsata. Ngati ndege yanu siuluka maola opitirira 25 pa miyezi inayi, oyilo muzisinthabe nthawi yomweyomweyo, ndipo pamwamba pake muzigula fyuluta. Ndiye muwerenge kaye m'buku kuti chaka chathachi inauluka maola angati. Ngati imauluka kwambiri, adaputa ibweza ndalama yake. Ngati imangokhala, ikani chifukwa cha zimene anena a injiniya, koma asayembekezere kuti katoni ya oyilo izikhalitsa.

Ine monga wokhala kutsogolo, maso anga amakhala pa geji ya puresha, pakati pa 30 ndi 60 psi pa injini imeneyo. Mukamaliza kumanga, ilizeni pansi, muzimitse, mutsegule boneti, mupukute ndi kansalu koyera mozungulira adaputa. Ulendo woyamba ukhale wozungulira bwalo lomwelo, opanda wokwera, kenako muonenso. Asalunjike ku Likoma tsiku lomwelo, chonde.

Mkulu wa injini za maboti, Monkey Bay:

Mwana wanga, za ndege ndisiyira eni ake, koma nyanjayi ndakalamba nayo. Injini imene imagona m'mbali mwa madzi imadyedwa ndi chinyontho kuposa ntchito. Usiku kukazizira madzi amachita mame m'kati, dzimbiri n'kuyamba pa zitsulo zimene oyilo watsetserekapo. Fyuluta sigwira madzi. Tsono usaganize kuti ukaika basi wathana nazo.

Injiniya wa ndege, Chileka:

Akulu a ku Monkey Bay alasa. Madzi ndi asidi fyuluta siichotsa, nchifukwa chake pali malire a miyezi inayi aja. Mankhwala ake ndi kuulutsa ndege pafupipafupi, oyilo atenthe kufika cha m'ma 180°F kwa ola lathunthu kuti madzi atuluke ngati nthunzi. Kungoiliza pansi mphindi khumi kumaonjezera chinyontho. Oyilo akamaoneka wotuwa usadabwe, ndi mtovu wa mu petulo wa ndege, Avgas 100LL.

Fumbi nalonso lisakusokoneze. Silimalowera ku oyilo, limalowera ku mpweya. Ona ngati fyuluta ya mpweya ikukhala bwino m'mphepete mwake. Ndipo carb heat, yolowetsa mpweya wotentha mu kabureta, ikakokedwa mpweya sudutsa pa fyuluta, ndiye pa bwalo la dothi ngati lanulo woyendetsa asamayende nayo pansi ili yokoka.

Za mtundu woika patali, monga wa Airwolf: fyuluta imakhala pa firewall, chipupa cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, umaifikira mosavuta, ndipo pochotsa oyilo satayikira pa injini. Koma imabwera ndi mapaipi awiri ndi majointi ake, ndipo mapaipi ali ndi zaka zake zosinthira. Kwa inu amene muli kutali ndi hang'ala, ine ndingasankhe yomanga pa injini pomwepo ngati malo akukwana, malinga imangidwe motsata pepala lake.

Wa pa bwalo, Mangochi:

Zikomo kwambiri nonse. Ndatsegula bokosi. Pepala la STC lilimo ndipo O-470 yalembedwa. Magasiketi alimo awiri, ina ya mkuwa, ina yotuwa yooneka ngati katoni yolimba. Abwana akuti anagula kwa munthu amene anaisunga nthawi yaitali osaimanga. M'buku ndaona kuti ndege imauluka ndithu, makamaka nyengo ya alendo, kotero za maola 50 zitithandiza. Ndawawerengera abwana zimene mwalembazi, avomera kudikira a injiniya athu. Koma akufunsa ngati tingasule gasiketi ya mkuwa kuno, poti ku Boma kuli wa lefu (makina osema zitsulo) waluso, m'malo modikira ya kunja.

Injiniya wa ndege, Chileka:

Yotuwayo ndi ya fayiba ija. Uichotse m'bokosi lero lomwe kuti wina asadzaiike mosadziwa. Yosula ayi. Gasiketi imeneyi si mkuwa wamba, inapangidwa kuti iphwatalale pa mlingo wake ikamangidwa, ndipo imagwira ntchito kamodzi kokha. Ukamasula, umaika yatsopano. Jambula pepala la STC ndi nambala imene yadindidwa pa adaputa, uwatumizire a injiniya anu asananyamuke ku Blantyre. Aone ngati lamulo la 2022 likuikhudza, apeze malangizo atsopano a kamangidwe kake, ndipo abwere ndi magasiketi oyenera angapo, chodulira fyuluta ndi torque wrench yoyezedwa. Akamaliza kumanga uwapemphe alembe kamzere ka penti kodutsa pa adaputa ndi pa pampu. M'mawa uliwonse poona oyilo uziyang'ana kamzereko, ndipo uziigwedeza fyuluta ndi dzanja. Kamzere kakasiyana kapena ikagwedera ngakhale pang'ono, ndege isanyamuke.