Kodi RSS ingathandize gulu logulitsa chitowe ndi mbuzi ku Ngabu, kapena tingokhala pa WhatsApp?

Nachitowe_Ngabu

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Gulu lathu limasonkhanitsa chitowe, nandolo ndi mbuzi kwa alimi a mbali ya Ngabu ndi Nchalo, ndipo ogula ambiri ndi a ku Blantyre ndi Limbe. Tili ndi webusaiti ya WordPress, peji ya Facebook ndi nambala ya WhatsApp Business. Mtengo ukasintha timalemba konseko kutatu, ndiye pena pamakhala mtengo wa lero, pena wa dzana, wogula n'kumakangana nafe pa sikelo. Wina watiuza kuti tiyike RSS, anthu azilembetsa n'kumalandira okha uthenga. Kodi RSS-yo ndi chiyani kwenikweni? Ogula wamba angaikwanitse? Nanga tiyambire pati, ndipo imadya ndalama zingati?

WaMakina_Nchalo

Achemwali, RSS muli nayo kale, simukudziwa chabe. Tsegulani adiresi ya webusaiti yanu, kumapeto kwake muwonjezere /feed. Mudzaona tsamba lodzaza zilembo zosakongola. Chimenecho ndiye feed: mndandanda wa nkhani zanu zatsopano, wolembedwa m'njira yoti makina aziwerenga, osati munthu. Nkhani iliyonse ili ndi mutu, linki, tsiku, mawu ake, ndi nambala yoizindikirira yotchedwa guid. WordPress imaupanga yokha, kwaulere, ndipo mukapanda kusintha kanthu imasungamo nkhani 10 zomaliza.

Koma za "anthu azilembetsa okha" muchotsepo mtima. RSS ndi yakale, inayamba ndi Netscape mu 1999, ndipo panali nthawi yomwe amalonda ankaganiza kuti ilowa m'malo mwa imelo. Sizinatero. Google inatseka Google Reader pa 1 July 2013, Facebook inasiya kupereka feed ya mapeji mu 2015, Firefox inachotsa chowerengera chake mu 2018. Ngakhale kunja komweko, anthu wamba sanafike poizolowera. Ndiye wogula mbuzi wa ku Limbe, yemwe foni yake yadzaza kale ndi mavidiyo a maliro ndi a ukwati, sangakaike pulogalamu ina chifukwa cha inu.

Ntchito yake lero ndi ya mseri. Ili ngati ngalande za m'minda ya mizimbe kuno ku Nchalo: madzi amatsegulidwa pamalo amodzi, n'kumafika m'mizere yonse. Mumalemba kamodzi pa webusaiti, feed n'kutengera uthengawo kwina. Ma podcast ambiri mumamvawa amayenda choncho, omvera osadziwa n'komwe.

Kayambidwe kake ndi aka. Pa WordPress lowani mu Settings, General, musankhe nthawi ya Blantyre, osati UTC. Ikatsala pa UTC, nthawi zonse zomwe muziona ndi kuika zikhala zotsalira ndi maola awiri, ndipo zomwe munakonza kuti zituluke 6 koloko m'mawa zidzatuluka 8 koloko, msika utatentha kale. Kenako mu Settings, Reading, sankhani kuti feed izinyamula mawu onse, osati chidule. Mukatero pangani magulu a nkhani: chitowe, nandolo, mbuzi. Gulu lililonse limakhala ndi feed yakeyake, monga /category/mbuzi/feed, motero wofuna mbuzi simumuvutitsa ndi za nandolo.

Chotsala ndi mlatho wopita ku Facebook. Zapier, webusaiti yolumikiza mapulogalamu, ili ndi gawo laulere lomwe limayang'ana feed pafupifupi mphindi 15 zilizonse ndipo limalola ntchito 100 pa mwezi. Mukamalemba katatu pa tsiku ndi 90, mukukwana, koma ngati mukutumiza malo amodzi okha. Mumasankha "New Item in Feed", mumaika adiresi ya feed, kenako "Create Page Post". Dziwani kuti izi zimatheka pa peji basi. Pa akaunti ya munthu sizitheka, ndipo m'magulupu a Facebook njirayi inatsekedwa mu 2024. Musathamangire zolipira: amafuna madola kudzera pa khadi, ndipo mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, khadi ikakana mwezi umodzi zonse zimangoima mwakachetechete.

Kalaliki_Bangula

Achimwene a ku Nchalo afotokoza bwino, koma asiya chinthu chomwe chimapha zonsezi kuno kuchigwa: mabandulo. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha, kaya pa Airtel kaya pa TNM. Munthu wotere akadina linki yopita ku webusaiti yanu, tsamba silitseguka, chifukwa webusaitiyo ili kunja kwa bandulo yake. Ndiye uthenga wongoti "Mitengo yatsopano, dinani apa" ndi wotayika.

Chifukwa chake zonse zofunika zikhale m'mutu wa nkhani, pakuti mutu ndi womwe umafika paliponse osadulidwa. Tingoyerekeza: "Ngabu, Lachiwiri 14: chitowe choyera matumba 40 a 50 kg, mtengo wakutiwakuti pa kilo, kutenga nokha". Malo, tsiku, katundu, kuchuluka, mtengo, ndi amene alipire galimoto. Wogula wa ku Blantyre amawerengera mafuta otsika ndi kukwera phiri la Thabwa asanavomere mtengo, choncho mukabisa zoti katundu ali pati mwamutaya. M'munsi mwake ikani nambala ya gulu, ndi ngati mumalandira Airtel Money kapena Mpamba. Pa Zapier, m'bokosi la uthenga muikemo mutu ndi mawu a nkhaniyo, linki ibwere pomaliza ngati yongowonjezera.

Tsiku lilembedwe m'mutu ndithu. Uthenga wa pa foni umazungulira. Wina autumiza kwa mlamu wake patatha milungu itatu, mlamuyo n'kubwera ndi lole kudzafuna mtengo wa mwezi watha.

Za WhatsApp ndinene mosabisa: palibe njira yovomerezeka komanso yaulere yolumikizira feed ku Status kapena ku Channel yanu. Mapulogalamu olonjeza zimenezo alipo, koma amadutsira kuseri, ndipo nambala ikatsekedwa mwataya ogula onse tsiku limodzi. Apa ndi pamanja basi. Munthu mmodzi wa gulu akopere mawu omwe atuluka pa webusaiti, awaike pa Channel, osasintha ngakhale nambala imodzi. Ndi mphindi imodzi. Ndikuti Channel osati broadcast chifukwa broadcast imathera pa anthu 256, ndiponso imafika kwa okhawo omwe anasunga nambala yanu. Phindu lenileni la zonsezi n'loti mtengo ukhale ndi kwawo kumodzi. Vuto lanu la mtengo wa dzana lithera pamenepo, osati pa kulembetsa anthu.

Zithunzi muzichepetse musanaziike. Chochokera mu kamera ya foni chimatha kupitirira 3 MB. Chifikitseni cha m'ma 100 KB, m'lifupi mapikiselo 1200 akwana. Ndipo jambulani chitowecho chili m'manja, padzuwa, kuti wogula aone ngati muli mchenga.

Nachitowe_Ngabu

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndayesa /feed ija, yatsegukadi. Funso lina: mtengo ukasintha masana, tingokonza nkhani ya m'mawa ija, kapena tilembe ina? Komanso magetsi akathima kapena netiweki ikagwa, tingakonzeretu usiku kuti zituluke zokha m'mawa?

WaMakina_Nchalo

Lembani ina, achemwali, nthawi zonse. Makina owerenga feed amayang'ana guid ija. Mukakonza nkhani yakale guid sisintha, ndiye Zapier imati iyi ndinaitumiza kale, n'kungokhala chete. Pa webusaiti padzaoneka mtengo watsopano, pa Facebook padzatsala wakale, mwabwerera pomwe munali. Lembani yatsopano, mutu uyambe ndi "Zasintha", ndipo pa Facebook mukafufute yakaleyo pamanja.

Guid yomweyo imalumanso mbali inayo. Tsiku lomwe mudzasamutse webusaiti kupita ku dzina lina, mwina la .mw, muuzeni wokusamutsiraniyo asakhudze guid mu database. Akaisintha, nkhani zonse 10 zimaoneka ngati zatsopano, n'kukhuthukira pa peji yanu nthawi imodzi ndi mitengo yakale. Njira yotetezeka ndi kuzimitsa Zapier musanasamuke, n'kuiyatsa mutaona kuti feed ili bwino.

Kukonzeratu usiku kumatheka, pali batani la Schedule, ndipo webusaiti sidalira magetsi a ku Ngabu chifukwa ili pa seva kwina. Koma pali msampha. WordPress ilibe wotchi yakeyake, imadzuka pokhapokha wina akatsegula tsamba. Webusaiti ya alendo ochepa, 6 koloko ikakwana popanda wolowa, nkhani imachedwa kutuluka, mwinanso mumapeza palembedwa "Missed schedule". Mankhwala ake ali mu cPanel, tsamba loyendetsera seva yanu, pa Cron Jobs: muike lamulo loti wp-cron.php iziitanidwa mphindi 10 kapena 15 zilizonse. Okusungirani webusaiti angakuchitireni, ndi ntchito yosafika mphindi zisanu.

Feed ikadzangosiya kuyenda, musayambe ndi kuimba foni. Koperani adiresi yake, muiike pa validator.w3.org/feed, idzakuuzani mzere womwe walakwika. Zolakwika zake ndi zomwezomwezo. Kawirikawiri ndi mzere wopanda kanthu pamwamba penipeni pa feed, wobwera chifukwa wina anasiya mpata kumapeto kwa fayilo ya functions.php kapena ya plugin. XML, kalembedwe ka feed, imafuna kuyambira pa chilembo choyamba, mpata umodzi wokha imakana yonse. Zimitsani ma plugin imodziimodzi mpaka muipeze. China ndi mawu okopedwa ku Word kapena ku PDF, omwe amabwera ndi zilembo zobisika. Muziyamba mwawaika mu Notepad. Ngati mumalemba Malaŵi ndi ŵ ndipo pakutuluka zinyalala, ndiye kuti penapake sipali pa UTF-8, njira yosungira zilembo yomwe imadziwa ŵ. Chomaliza ndi plugin ya cache, yomwe imasunga feed ya dzulo n'kumaipereka ngati ya lero. Mu zosankha zake chotsani /feed pa zosungidwa.

Chithunzi chikapanda kuoneka pa Facebook, vuto si feed. WordPress payokha siika featured image, chithunzi chachikulu cha nkhani, mu feed, ndipo Facebook imatenga chithunzi pa chizindikiro cha og:image cha tsambalo. Plugin ngati Yoast SEO imachiika.

AuntieWaMaakaunti_Chikwawa

Ana anga, ine ndikusiyana nanu pang'ono. Mwati palibe angalembetse. Wogula mbuzi ziwiri za chinkhoswe, inde, sangalembetse. Koma chitowe ndi nandolo wambiri amagulidwa ndi makampani otumiza kunja, ndipo ku ofesi zawo kuli munthu wokhala pa kompyuta tsiku lonse, yemwe amawerenga imelo. Ogula oterowo ngakhale atakhala 15 okha, ndiwo amatenga matani. Feed yomweyo imasanduka imelo: Mailchimp, webusaiti yotumizira maimelo kwa anthu ambiri, ili ndi RSS email, mumaika adiresi ya feed, mumasankha ola ndi masiku, ndipo pakakhala palibe nkhani yatsopano situmiza kanthu. Kamodzi pa tsiku nyengo yokolola, kamodzi pa sabata nyengo ina, basi. Malangizo akale a pa intaneti akakuuzani za FeedBurner musatsatire, Google inasiya kutumiza maimelo ake mu 2021.

Musatole maimelo a anthu pa makhadi awo n'kungowaika pa mndandanda. Afunseni kaye, ndipo pansi pa uthenga pakhale potulukira. Lamulo la Data Protection Act la 2024 lilipo, komanso anthu angapo akakudinani kuti ndinu spam, mauthenga anu onse amayamba kugwera kudzala, ngakhale a invoice.

Mbali yomwe simunaikhudze ndi yowerenga. Apa RSS ikadali ya mphamvu, ndipo sifuna kuti wina aliyense asinthe khalidwe, koma inu nokha. Mlembi wa gulu aike pulogalamu yowerengera feed, Feeder kapena Feedly, pa foni ya Android. Feeder ndi yaulere ndipo imasunga zomwe yakoka, moti mungakoke pomwe netiweki ikugwira n'kukawerengera kumudzi. Kenako pa Google Alerts lembani mawu monga "sesame Malawi", "pigeon peas India import" ndi "foot and mouth Chikwawa", ndipo pa "Deliver to" musankhe RSS feed m'malo mwa imelo. Mtengo wa nandolo kuno umatsatira kwambiri zomwe boma la India lagamula pa zolowetsa m'dziko mwawo, ndipo matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, kuyendetsa ziweto kuchoka kuchigwa kuno kumaletsedwa. Kudziwa zimenezo masiku awiri ena asanadziwe ndi ndalama. ReliefWeb, webusaiti ya UN ya nkhani za ngozi zogwa mwadzidzidzi, nayo ili ndi feed ya nkhani za Malawi, yothandiza nyengo ya mvula. Tonse tikukumbukira namondwe Ana mu January 2022 ndi namondwe Freddy mu March 2023, mmene msewu wa M1 unadukira. Mupange gulu lachinayi pa webusaiti, la "msewu ndi msika", kuti lole isanyamuke ku Blantyre mlatho uli m'madzi.

Kuwerenga kuti feed ili ndi anthu angati n'kovuta, musatayepo nthawi. M'buku la malonda onjezani danga limodzi, ndipo aliyense woimba foni mumufunse kuti mtengowu wauona kuti. Ikatha miyezi itatu muwerenge: Facebook angati, Channel angati, imelo angati, ndipo pambali pake matumba omwe anagula. Njira yomwe sinabweretse thumba muizimitse.

Kalaliki_Bangula

Zoona Auntie, za makampaniwo ndavomera. Chimodzi chokha kwa achemwali a ku Ngabu: password ya webusaiti, ya Zapier ndi ya peji zisakhale m'mutu mwa mnyamata mmodzi. Tsegulani imelo ya gulu, zonse zilembetsedwe pa imeneyo, peji ikhale ndi ma admin awiri, ndipo password-zo zilembedwe papepala, mu envelopu, kwa msungichuma. Admin yemwe analumikiza peji ku Zapier akasintha password yake kapena akachotsedwa, Zapier imaduka, ndiye muzikumbuka kulowamo n'kudina Reconnect, kenako muyese ndi nkhani imodzi musanapite kumsika.