Achona olowerera m'malire a phiri la Mulanje: kodi njira za pa zilumba zingagwire kuno?

Bambo Makwinja, Likhubula

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za nkhalango ndi ziweto. M'malire a nkhalango kuno, komanso kuseri kwa nyumba za antchito m'maesiteti a tiyi, achona opanda mwini akuchuluka, akuswerana m'tchire momwemo. Akatswiri a zachilengedwe amati pa zilumba mphaka wamaliza mbalame zambiri, ndipo pa chilumba cha Marion anachita kuwapha onse. Phiri lathuli nalonso amalitcha chilumba cha m'mwamba poti lili ndi zamoyo zosapezeka kwina. Kodi komiti ya m'mudzi yoyang'anira nkhalango ingatengereko chiyani kumeneko? Ena akuti tingothira tameki mu usipa n'kumwaza m'malire. Ine mtima ukukana, koma ndikufuna chifukwa chomveka choti ndikawauze.

Mayi Nachisale, Thyolo

Bambo Makwinja, mtima wanuwo ukukana zoona. Tiyambe ndi Marion yemweyo, chifukwa ambiri amangomutchula osadziwa kuti ntchitoyo inalemera bwanji.

Chilumbachi n'cha South Africa, chili pafupifupi makilomita 2,000 kuchokera ku Cape Town, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 290. Mu 1949 ogwira ntchito pa siteshoni yoona za nyengo anabweretsapo amphaka 5 oti azigwira mbewa. Pofika 1977 analipo pafupifupi 3,400. Ofufuza anawerengera kuti m'zaka zimenezo amphakawo ankapha mbalame za m'nyanja zotchedwa petrel pafupifupi 450,000 pachaka. Mbalamezi zimaikira dzira limodzi lokha, m'una wa pansi, ndipo mdani woyenda ndi miyendo inayi sizinkamudziwa. Mphaka ankangotola ngati bowa.

Kuwachotsa kunatenga zaka 14. Mu 1977 anawapatsira dala matenda a amphaka otchedwa panleukopenia, chiwerengero n'kugwa kufika cha m'ma 600 pofika 1982. Koma matenda samaliza onse, opulumukawo anapitiriza kuswana. Kuyambira 1986 magulu a alenje ankayenda usiku ndi mfuti ndi matochi amphamvu. Amphaka atatsala ochepa anachenjera, kuwala akakuona amabisala, ndiye panafunika misampha ndi nyambo zapoizoni. Womaliza anagwidwa mu 1991. Marthán Bester wa ku University of Pretoria ndi mmodzi mwa amene anatsogolera ntchitoyi n'kuilemba mwatsatanetsatane.

Chinawathandiza ndi nyanja. Mphaka amene waphedwa pa Marion palibe wobwera kudzalowa m'malo mwake. Panalibenso mudzi, panalibe mphaka wa munthu, panalibe nyenga kapena njuzi yoti idye nyamboyo. Phiri lathuli lazunguliridwa ndi midzi kuyambira Likhubula, Muloza mpaka Phalombe, ndipo khomo ndi khomo pali chona. Mukapha 20 m'malire, chakudya chimene chinawakokacho chilipobe, ndiye ena amangosendera n'kutenga malowo.

Ndiwonjeze chimodzi chondiwawa. Mbalame yotchedwa Thyolo alethe, imene inatenga dzina la boma lathu lino, sikuti yachepa chifukwa cha amphaka. Yachepa chifukwa nkhalango ya phiri la Thyolo inadulidwa. Koma poti yatsalira m'tinkhalango ting'onoting'ono ta m'maesiteti ndi m'zigwa ngati Ruo, ndipo imadyera pansi potsata linthumbu kuti igwire tizilombo tothawa, mphaka mmodzi wokhazikika pakankhalango kotero si nkhani yaing'ono. Pamalo oterowo ndi pamene mphamvu zanu zipite.

Bambo Mulewa, Muloza

Mayi Nachisale afotokoza bwino. Ine ndigwire pa makoswe, chifukwa ndi pamene ntchito zambiri zinapunthwira.

Pa chilumba cha Little Barrier ku New Zealand anamaliza amphaka mu 1980. Aliyense ankati anapiye a petrel apulumuka tsopano, koma m'malo okwera a chilumbacho zisa zoweta bwino zinachepa kuposa kale. Makoswe, amene mphaka ankawadya, anapeza mpata n'kuyamba kudya mazira ndi anapiye. Zinthu zinasintha makoswe atachotsedwa mu 2004. Pa Macquarie, chilumba cha Australia, mphaka womaliza anaphedwa mu 2000, akalulu n'kuchuluka mpaka kusenda mapiri. Dana Bergstrom ndi anzake analemba za zimenezi mu 2009, ngakhale ena amati matenda amene ankachepetsa akaluluwo nawonso anali atafooka. Ku Marion komweko lero mbewa zikudya amoyo anapiye a albatross, mbalame zikuluzikulu za m'nyanja, kuwasenda m'mutu. Ndiye musanachotse mphaka, dziwani kaye kuti akudya chiyani.

Za tameki, auzeni a komitiwo mosapita m'mbali. Ndi mankhwala a mbozi za m'nthaka, ndipo kadontho kake n'kokwanira kupha galu. Usipa wothira tameki sausankha wodya: nkhuku, galu wa mlenje, nyenga, akhungubwi, ngakhale mwana wotola pansi. Chimene chafacho chikadyedwa ndi china, nachonso chimafa. Mupha akadzidzi ndi nyenga, amene amakugwirirani makoswe ulere, pomwe mphaka wochenjera, yemwe amakonda chamoyo kuposa chakufa, adzangonunkhiza n'kudutsa. Misampha ya waya nayonso chimodzimodzi, imakola gwape. M'nkhalango ya boma musatchere kanthu musanakambirane ndi ofesi ya Forestry.

Achimwene Khoromana, Luchenza

Poyambira pake ndi kuyeza, ndipo sikufuna ndalama zambiri.

Makamera ojambula okha nyama ikadutsa, ngati mungabwereke 8 kapena 10, amangeni pamtengo masentimita 30 mpaka 40 kuchokera pansi, moyang'ana m'kanjira, chifukwa mphaka amakonda njira yopondeka. Ayang'ane kumpoto kapena kummwera. Akayang'ana kotulukira dzuwa zithunzi zimangoyera. Setani udzu wa kutsogolo kwake, apo ayi mphepo ikamaugwedeza kamera imajambula udzuwo mpaka batire kutha. Ayikeni m'mizere yochokera kunyumba kulowa m'nkhalango, wina pamalire, wina pa mamita 250, wina pa 500, wina pa kilomita imodzi, ndipo akhale masabata 4. Mubwereze dzinja, nthawi imene mbalame zambiri zimakhala ndi zisa. Amphaka amasiyana mawanga, ndiye jambulaninso a m'midzi yoyandikana. Mudzaona kuti ena mwa "olowererawo" ali ndi eni ake ndipo amagona kukhitchini masana.

Chachiwiri ndi chimbudzi chake. Tolani mutavala magolovesi, chifukwa mumakhala tizilombo toopsa makamaka kwa amayi oyembekezera. Chilichonse m'envelopu yakeyake, mulembe tsiku ndi malo. Chiumitseni, muchiviike m'madzi usiku wonse, muchitsuke pa sefa ya mabowo ang'ono. Potsala pamakhala ubweya, nthenga, timafupa ndi mamba. Musagamule ndi zimbudzi 10, fikani pa 50 kapena kuposa. Chosokoneza chachikulu ndi chakuti nyama zina zolusa zazing'ono zimasiya zofanana nazo, ndiye tolani pamene kamera yaonetsa mphaka.

Musadalire zimene mphaka wabweretsa pakhomo. Ku Georgia, ku America, ofufuza anaveka amphaka timakamera m'khosi n'kupeza kuti amabweretsa pafupifupi chimodzi mwa zinayi zimene agwira. Zambiri amadyera komweko kapena kuzisiya, makamaka abuluzi. Izi zikutikhudza, chifukwa phiri lino lili ndi abilimankhwe akeake. Mtundu wina asayansi anautcha Nadzikambia, kuchokera ku dzina lathu lomweli la nanzikambe, ndipo pali tina ting'onoting'ono tokhala m'masamba ogwa pansi, tosatha kuthawa.

Bambo Makwinja, Likhubula

Zikomo kwambiri nonse, za tameki ndamva. Koma anthu andifunsa kuti chimanga chawo atchinjiriza ndi chiyani akachepetsa achona. Apa ndiyankhe bwanji?

Mayi Namulewa, Mulanje Boma

Bambo, musawauze kuti asiye kuweta. Auzeni kuti chona akhale woweta ndithu, osati woswerana m'tchire.

Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 5 kapena 6, bere limatenga masiku pafupifupi 63, ndipo amaswa kawiri kapena katatu pachaka, ana 4 kapena 5 ulendo umodzi. Olowerera ambiri amachokera ku tiana timene anthu amakataya kutchire akasowa woti amupatse. Mchitidwe umenewu ndi umene mfumu ndi komiti ayambe kuletsa.

Kufula amuna okha sikuthandiza, wamwamuna mmodzi wotsala amakwanira akazi onse a m'deralo. Yambani ndi akazi, dokotala wa ziweto awachite opaleshoni yotseka. Ntchito yotere imaoneka phindu pamene pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse atsekedwa, ndiye ndi bwino kumaliza mudzi umodzi woyandikana ndi kankhalango kofunika kusiyana ndi kumwaza khumi apa khumi apo. Wochitidwa kale adulidwe kansonga ka khutu adakali m'tulo kuti asagwidwenso kachiwiri, ndipo abayidwe katemera wa chiwewe tsiku lomwelo.

Olowerera enieni agwireni ndi msampha wa khola. Masiku atatu oyamba ikani nyambo ya nsomba chitseko mutachimanga chotsegula, kuti azolowere. Mukatchera, muziuona m'mawa uliwonse dzuwa lisanatenthe, ndipo mukagwira muufunditse chiguduli. Yang'anitsitsani musanachite kanthu: wa miyendo italiitali, kuseri kwa makutu kofiirira, ndi vumbwe, nyama ya m'tchire ya kwathu kuno, imeneyo imasulidwe. Achona olowerera amakwerana naye n'kusokoneza mtundu wake, chimene ndi chifukwa china chowatsekera. Wina akalumidwa kapena kukalidwa, atsuke bala ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Pakhomo, chona agone m'nyumba yosungiramo chimanga kuyambira madzulo mpaka dzuwa litakwera. Makoswe ali momwemo, ndipo m'bandakucha, pamene mbalame zimatsika kudzadya, iye amakhala wotsekeredwa. Ofufuza a ku yunivesite ya Exeter ku England anapeza mu 2021 kuti amphaka odyetsedwa chakudya cha nyama yambiri amabweretsa nyama zakutchire zochepa ndi 36 peresenti. Kwathu kuno ndiye kuti mitu ya usipa ndi matumbo a nkhuku, osati mkute wa nsima wokha. Belu la m'khosi limathandiza pang'ono, koma kansalu kake kakhale kotha kumasuka kokha akakodwa pa nthambi.

Nkhokwe ya miyendo muiveke malata opinda ngati chipewa choyang'ana pansi pa mwendo uliwonse, pa msinkhu wa mita imodzi, ndipo pasakhale nthambi yofika padenga. Matumba a chimanga akhale pa thandala, otalikira khoma pang'ono kuti chona azitha kuzungulira kuseri. Maenje a zinyalala a m'malire a nkhalango akwiriridwe tsiku ndi tsiku, poti ndi amene amadyetsa makoswe ndi achona olowerera pamodzi.