Mwana wovuta koma wanzeru, ndimuthandize bwanji?

Aphunzitsi anzanga, ndigawireniko nzeru, ine mutu waima.

M'kalasi mwanga muli mnyamata wa zaka 12 amene wandithetsa mphamvu. Sakhazikika pampando ngakhale mphindi zisanu. Ndikangotembenukira ku bolodi, iye wayamba kale kugogoda desiki ndi rula, kapena walanda cholembera cha mnzake. Sabata yatha anang'amba tsamba la kope lake n'kupinda kandege, kanadzatera pamapazi panga ndili mkati mophunzitsa. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Mtima unandiwira, ndinamutulutsa panja.

Chondipweteka n'chakuti mwanayu si mbuli ayi. Masamu apamtima amayankha anzake asanatsegule n'komwe makope. Koma ndikati awerenge mokweza, amasokoneza b ndi d, amadumpha mizere, kenako amayamba nthabwala kuti tiiwale. Ndayamba kuganiza kuti mwina phokoso lonseli akubisira manyazi. Tsiku la kandege lomwelo, anzake ataweruka, anatsalira n'kufufuta bolodi osatumidwa, ali chete. Ndinasowa chonena. Ndimamukonda mwanayu, ngakhale masiku ena ndimaweruka mawu atasasa chifukwa cha iye.

Ndinamukhazika kutsogolo, zinathandiza masiku atatu okha. Makolo ake ndinawaitana, akuti kunyumba n'chimodzimodzi. Ndodo ndiye ayi, ingangomuumitsa mtima.

Inu amene munaphunzitsapo ana otere, munazindikira bwanji kuti ndi dyslexia (vuto la kuwerenga), ADHD (vuto la kusakhazikika ndi kusatha kuika chidwi pa chinthu) kapena mwano chabe? Nanga mumatani kuti mumuthandize payekha anzake osatsalira pa phunziro?