Akuti asilikali a m'magazi mwanga ndi ochepa, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Abale anga muno, tulo sindikupeza. Ndili ku Leeds, ku Mangalande, chaka chachiwiri, ndimasamalira okalamba. Sabata yatha ananditenga magazi kwa dokotala wa m'dera lathu (GP), dzulo andiimbira kuti ma neutrophil anga, mtundu wina wa asilikali a m'magazi, ndi otsika, ndibwererenso. Basi, foni n'kudula. Ine mashifiti ausiku anayi otsatizana, mwininyumba sanakonze hita chiyambire Novembala, ndimagona chovala jekete. Apongozi ku Dedza akuimba tsiku ndi tsiku za feteleza ngati kuno ndalama timatola pamsewu. Bambo a kunyumba akuti ndadzichititsa ndekha pomwa madzi a mufiriji. Kodi ndi khansa? Sindidwaladwala, chimfine chomwe chaka chino sichinandigwire. Ana anga awiri ali kumudzi, adzawalera ndani?

Nasi wa ku Zomba: Pepani chemwali. Nambala yake ndi chani? Ndipo pali mankhwala amene mukumwa?

Mkulu wa ku Joni: Chemwali, khalani pansi mumwe tiyi. Nkhani iyi ndaikamba kambirimbiri muno koma anthu simumva. Pali kanthu kena pa maselo ofiira a magazi kotchedwa Duffy, anakapeza mu 1950. Ambiri a ife a kuno kumwera kwa Sahara tinabadwa opanda kanthuko. Kachilombo ka malungo a vivax kamalowera pomwepo ngati pakhomo, ndiye amene analibe khomolo ankapulumuka n'kubereka. Majini (tizinthu ta chibadwa totengera kwa makolo) amene amachititsa kusowa kwa Duffy ndi omwenso amachititsa kuti ma neutrophil azioneka ochepa poyeza, munthu ali bwinobwino. Muyezo wawowo anaupanga poyeza azungu anzawo. Magazi athu ndi AMPHAMVU kuposa awo, musalole akuopsezeni!

Kamnyamata ka Ndirande: Akulu, ngati ndi amphamvu choncho bwanji ine malungo andigwetsa kawiri chaka chino? Kapena anga ndi a pa kaunjika?

Mkulu wa ku Joni: Iwe uzimvetsera. Ndati vivax. Akugwetsa iwewo ndi falciparum, ndi amene ali ponseponse ku Malawi. Ugone mu neti.

Make mapasa: Mawu akuti magazi amphamvu amandipweteka ine. Ine ndi bambo ake a ana tonse tili ndi jini imodzi ya matenda a magazi a siko selo, sitinkadziwa. Akuti jini imodzi imatchinjiriza ku malungo aakulu, n'chifukwa chake inafala. Koma mwana wathu anatenga ziwiri. Usiku akayamba kulira mafupa, timanja titatupa, ndimathira madzi otentha m'botolo n'kulikulunga ndi chitenje kumuika pamiyendo mpaka kucha. Anatiuza kuti pathupi paliponse, mwa ana anayi mmodzi atha kubadwa nawo. Mphamvu yake ili pati pamenepa?

Mkulu wa ku Joni: Mayi pepani, koma zimenezo ndi zina. Ine ndikukamba za Duffy.

Mphunzitsi wopuma: Si zina ayi bambo, ndi nkhani imodzi. Matenda anasefa makolo athu, ndipo zimene zinatsala mu sefa zili ndi mtengo wake. Anthony Allison anaonetsa za siko selo ndi malungo mu 1954. Palinso jini ya APOL1: mitundu ina ya jiniyi imathandiza thupi kupha kachilombo ka kaodzera, aja a kashembe amene timawamva cha ku Nkhotakota ndi ku Rumphi, koma wotenga ziwiri impso zake zimakhala pa chiopsezo. Azungu nawonso ali ndi zawo. Ena a kumpoto kwa Ulaya alibe khomo la CCR5 limene HIV imalowera. Ndiye wamphamvu ndani?

Mkulu wa ku Joni: Aphunzitsi, mwapuma pantchito koma choko simunasiye. Ine mfundo yanga ndi yakuti MUYEZO ndi wawo. Yankhani pamenepo.

Anakubala a Lilongwe: Vuto ndi chakudya cha kumeneko. Mabuledi okhaokha. Pezani mgaiwa, bonongwe, chisoso, muzimwa madzi a masamba a moringa m'mawa. Komanso ana inu, apongozi sitiwanena pagulu.

Wa ku Luton: Mwininyumba ameneyo mukamunenere ku khonsolo, lamulo silimulola kukusiyani opanda hita. Wanga anachita zomwezo, nditangotchula khonsolo anabwera ndi pulambala mawa lake.

Nasi wa ku Zomba: Akulu a ku Joni za Duffy akunena zoona, koma sangadziwe kuti ndi zimene chemwaliwa ali nazo. Ma neutrophil amatsikanso ndi mavairasi, kuchepa kwa vitamini B12, ndi mankhwala ena monga Bactrim kapena AZT. Nambala ikakhala cha ku 1.5 munthu ali bwino, nthawi zambiri sitida nkhawa. Ikatsika pansi pa 0.5 ndi nkhani ina, thupi likangotentha muthamangire kuchipatala. Mukabwerera mufunse ngati maselo ofiira ndi ma platelet (othandiza magazi kuundana) ali bwino, mutchulenso za Duffy, amatha kuyeza.

Mkulu wa ku Joni: Mwamva? "Akunena zoona." Ndi anasi atero, osati ine.

Kamnyamata ka Ndirande: Akulu mwawerenga mzere woyamba wokha.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, mtima watsikako. Pepala la zotsatira ndaliiwala mu lokala kuntchito. Koma anakubala, apongoziwo sindikuwanena, feteleza wa chaka chatha ndinagula ndine matumba anayi, chimanga chake sindinaone ngakhale chitsononkho.

Nasi wa ku Zomba: Nanga mankhwala aja ndafunsa, chemwali?